Kutsatira Nkhani za Sewero Limene Mumalikonda pa Kanema Popanda Kupusitsidwa

Gawo limodzi la sewero la pa wailesi ya kanema limatenga mphindi 45 kapena ola lathunthu, koma munthu amene walikonda sewerolo amakhala nalo sabata yonse. Akadzuka m'mawa amayamba waona pa foni ngati patuluka nkhani iliyonse, masana amatsutsana ndi anzake za amene adzafe m'gawo lotsatira, ndipo sizoni ikatha amatha miyezi akufunsa funso limodzimodzi lakuti kodi sewero lija lidzabweranso liti. Chovuta n'chakuti zambiri zimene zimamupeza pa masamba a mchezo ndi mphekesera chabe, zina ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo zoona zake nthawi zina zimakhala zimene sanafune kuzimva, monga mathero a gawo limene sanalionere. Walira mvula walira matope, ndipo amene akusaka nkhani za sewero ayenera kudziwa kuti zonsezi zimabwerera pamodzi.

Zimene ndaona pa zaka zimene ndakhala ndikutsatira masewero osiyanasiyana n'zakuti nkhani yoona imakhala ndi mwini wake ndiponso imakhala ndi nyengo yake. Mukazolowera kufunsa kuti wanena ndani, komanso ngati ino ndi nthawi imene nkhani yotere imatuluka, mudzapeza kuti palibe chifukwa chokhalira pa foni tsiku lonse, chifukwa masamba atatu kapena anayi odalirika ndi mphindi zochepa pa tsiku zimakwanira.

Wanena ndani?

Amene ali ndi mphamvu yonena kuti sewero lipitirira kapena latha ndi kampani imene imalionetsa, kaya ndi nyumba ya kanema monga BBC, HBO kapena SABC, kaya ndi kampani yoonetsa kudzera pa intaneti monga Netflix. Choyamba kuchita, tsono, n'kupeza tsamba lenileni la kampaniyo ndi la sewerolo. Musalipeze polemba dzina la sewero pa Facebook n'kutsatira tsamba loyamba limene latulukira, chifukwa sewero lotchuka limakhala ndi masamba ambirimbiri otsegulidwa ndi anthu wamba, ndipo ena mwa masambawo amatengera dzina ndi zithunzi za eni ake mpaka munthu osasiyanitsa. Lowani pa webusayiti ya kampaniyo, tsikirani kumunsi kwenikweni, ndipo dinani tizizindikiro ta masamba a mchezo timene taikidwa pamenepo. Kumene mudzafikeko ndiko kwenikweni. Kale kachizindikiro kabuluu kokhala pafupi ndi dzina kanali umboni wokwanira, koma pa X, tsamba la mchezo limene kale linkatchedwa Twitter, kachizindikiroka kanayamba kugulidwa ndi ndalama, ndipo mu Epulo 2023 kampaniyo inachotsa tizizindikiro takale timene tinkaperekedwa itatsimikizira munthu, motero lero nthawi zambiri kamangosonyeza kuti mwini tsambayo walipira.

Pambuyo pa eni ake pamabwera manyuzipepala amene ntchito yawo yonse ndi kulemba za makampani a makanema. Ku America odziwika kwambiri ndi Variety, imene inayamba mu 1905, The Hollywood Reporter, imene inayamba mu 1930, ndi Deadline. Atolankhani awo amalankhula mwachindunji ndi akuluakulu a makampani komanso ndi anthu oimira azisudzo, ndipo kawirikawiri amapatsidwa chikalata cholengezera nkhani pasadakhale kuti adzachitulutse pa mphindi imene agwirizana. Masamba ena ambiri amene mumawaona amangokopera kwa amenewa n'kusintha mutu wa nkhani kuti ukhale wodzidzimutsa. Mukakumana ndi nkhani yaikulu, itsatireni chobwerera m'mbuyo: onani kumene tsambalo likuti laitenga, dinani linkiyo, ndipo chitani chimodzimodzi kumene mwafikako. Ngati ulendowo wathera pa kampani yeniyeni kapena pa nyuzipepala yodziwika, ikhulupirireni. Ngati wathera pa mawu akuti "munthu wina wodziwa za mkati watiuza" pa tsamba limene simunalimvepo, kapena ngati masamba atatu akungotchulana okhaokha, isiyeni. Nkhani yakuti sewero lalikulu lathetsedwa singathe ola lathunthu manyuzipepala aja asanailembe, choncho kukhala kwawo chete nakonso ndi yankho.

Azisudzo enieniwo ndi gwero lokoma kumva koma losadalirika. Ambiri sadziwa zimene akuluakulu a kampani akuganiza, ndipo amene akudziwa amakhala atasainira pangano lakuti asaulule. Mtolankhani akafunsa wosewera wina ngati angabwerere m'sizoni yotsatira, iye mwaulemu n'kuyankha kuti angakonde kutero, mawa lake mudzaona mutu wa nkhani wakuti watsimikiza za sizoni yatsopano. Werengani mawu ake enieni, osati mutu wa nkhani. Chimodzimodzinso IMDb, tsamba losunga mbiri ya makanema ndi azisudzo, ndi Wikipedia: ndi zothandiza kwambiri pofuna kudziwa zakale, koma pa zimene sizinachitike kumbukirani kuti zambiri zimalembedwa ndi anthu wamba, ndipo tsiku limene palibe gwero lake losonyezedwa m'munsimo mulitenge ngati longoganizira.

Palinso mawu angapo a Chingelezi amene amasokoneza anthu, ndipo popeza nkhani zambiri zimabwera m'chilankhulocho, ndi bwino kuwadziwa. Akati sewero lili in development, tanthauzo lake n'lakuti pali amene akulemba kapena kukambirana, ndipo masewero ochuluka amafera pomwepo osajambulidwa n'komwe. Akati aitanitsa pilot, ndiye kuti kampani yalola kujambula gawo limodzi loyesera, ndipo ikhoza kulikana italiona. Mawu akuti series order ndi amene amasonyeza kuti ndalama za sizoni yathunthu zaperekedwa. Sewero lotchedwa limited series linakonzedwa kuti lithe m'sizoni imodzi, motero musataye nthawi kudikira yachiwiri, ngakhale kuti makampani nthawi zina amasintha maganizo akaona kuti anthu alikonda. Ndipo akati wosewera ali in talks, pangano silinasainidwe. Zokambirana zimatha kulephereka tsiku lomaliza pa nkhani ya malipiro kapena ya masiku ojambulira.

Chenjerani makamaka ndi ma trailer abodza; trailer ndi kakanema kakafupi kolengezera sewero limene likubwera. Pa YouTube pali anthu amene amadula zidutswa za makanema akale, kuzilumikiza ndi nkhope zopangidwa ndi AI (nzeru zopangira za pa kompyuta), n'kulembapo dzina la sewero ndi chaka chamawa. Kawirikawiri penapake m'munsimo amabisamo mawu akuti concept kapena fan made kuti adziteteze, koma amadziwa kuti ochepa okha ndi amene amawerenga mpaka pamenepo. Musanaonere, yang'anani dzina la amene waika kanemayo, ndipo ngati si kampani yeniyeni, pitani pa tsamba la kampaniyo mukaone ngati iliko. Yang'ananinso tsiku limene nkhani inalembedwa, popeza nkhani ya zaka zitatu zapitazo imatha kuyambanso kuzungulira ngati yatsopano, ndipo chilichonse chotuluka pa 1 Epulo chidikireni chifike pa 2.

Nyengo za nkhani

Nyumba zikuluzikulu za kanema za ku America, monga ABC, CBS, NBC ndi Fox, zakhala ndi kalendala imodzimodzi kwa zaka zambiri. Pakati pa mwezi wa Meyi zimasonkhanitsa otsatsa malonda ku New York n'kuwaonetsa ndandanda ya masewero a chaka chotsatira, n'cholinga chakuti agule pasadakhale nthawi yolengezera malonda awo. Pa chifukwa chimenechi, masabata awiri oyambirira a Meyi ndi amene amadzaza ndi nkhani za masewero amene athetsedwa ndi amene apatsidwa sizoni ina. Masizoni atsopano amayamba mu Seputembala kapena Okutobala, amapumira chakumapeto kwa chaka, ndipo amatha mu Meyi, nthawi zambiri atafika magawo 20 kapena kupitirirapo pang'ono. Mu Julayi kumakhala msonkhano wa Comic-Con ku San Diego, kumene makampani amatulutsira ma trailer ndi masiku oyambira, makamaka a masewero a nthano zodabwitsa ndi a zasayansi. Mwezi womwewo amalengeza mayina a opikisana pa mphoto za Emmy, zimene kawirikawiri zimaperekedwa mu Seputembala. Munthu wodziwa zimenezi sada nkhawa mu Febuluwale poona kuti sewero lake silinalengezedwe, chifukwa nthawi yake imakhala isanakwane.

Makampani oonetsa pa intaneti alibe kalendala yotere. Masizoni awo amakhala aafupi, a magawo 8 kapena 10, ndipo pakati pa sizoni imodzi ndi inzake pamatha kudutsa nthawi yotopetsa. Sewero la ku South Korea la Squid Game linatuluka mu Seputembala 2021, koma sizoni yake yachiwiri inadzafika pa 26 Disembala 2024, patadutsa zaka zoposa zitatu. Pamasewero otere, njira yodziwira ngati tsiku limene mwaliona lili loona ndi kufunsa pamene ntchito yafika. Poyamba alembi amalemba, kenako kujambula kumatenga miyezi ingapo, ndipo pambuyo pake pamakhala miyezi ina yolumikiza zithunzi, kuika mawu ndi nyimbo, ndi kupanga pa kompyuta zinthu zimene sizingajambulidwe, monga zilombo ndi mizinda yopeka. Ngati kujambula sikunayambe n'komwe, ndiye wina n'kukuuzani kuti sewero likutuluka miyezi itatu ikubwerayi, akukunamizani.

Kunyanyala ntchito nakonso kumasuntha masiku onse. Mu 2023 alembi a masewero ku America ananyanyala kwa masiku 148, kuyambira pa 2 Meyi mpaka chakumapeto kwa Seputembala, ndipo azisudzo nawonso ananyanyala kwa masiku 118, kuyambira pa 14 Julayi mpaka mu Novembala, moti ngakhale mwambo wa Emmy wa chaka chimenecho unasunthidwira mu Januwale 2024. Ku South Africa, mu Ogasiti 2014, azisudzo 16 a sewero la Generations anachotsedwa ntchito atanyanyala pa nkhani ya malipiro, sewerolo linazimiririka pa kanema, n'kudzabweranso pa 1 Disembala ndi dzina lakuti Generations: The Legacy. Mukamva za mkangano wa antchito ndi makampani, musainyalanyaze nkhaniyo poganiza kuti ndi ya ndale za kuntchito. Ndiyo imene ikukuuzani kuti mudikira nthawi yaitali bwanji.

Funso lakuti sewero lipitirira kapena ayi mukhoza kuliyankha nokha pang'ono ngati mukudziwa zimene eni ake amayang'ana. Ku America kampani ya Nielsen ndi imene imawerenga oonera, ndipo nyumba za kanema zodalira malonda zakhala zikuyang'anitsitsa oonera a zaka 18 mpaka 49, popeza ndi amene otsatsa malonda amawafuna kwambiri. N'chifukwa chake sewero lokhala ndi oonera ambiri achikulire limatha kuthetsedwa pamene lina la oonera ochepa likupitirira. Netflix imatulutsa Lachiwiri lililonse ndandanda ya masewero khumi amene aoneredwa kwambiri, ndipo poyerekezera masewero ake otchuka imawerenga masiku 91 oyambirira. Sewero latsopano limene silinaonekepo pa ndandandayo, kapena laonekera sabata imodzi n'kugwa, limakhala pangozi. Kuwonjezera apo, mtengo wopangira sewero umakwera chaka ndi chaka chifukwa malipiro a azisudzo amakwera. Koma chimene anthu ambiri amachiiwala ndi umwini. Kampani yoonetsa sewero si nthawi zonse imakhala imene inalipanga, ndipo imafulumira kutaya sewero lobwereka kusiyana ndi lake. Pa 10 Meyi 2018 Fox inathetsa Brooklyn Nine-Nine, ndipo tsiku lotsatira NBC inalitenga. Okonda sewerolo anafuula kwambiri pa masamba a mchezo, ndipo mfuwu wawo unamveka, koma chinalinso china: amene ankalipanga anali Universal Television, kampani ya banja limodzi ndi NBC. Onani dzina limene limatuluka kumapeto kwenikweni kwa gawo lililonse, pambuyo pa mayina onse, chifukwa ameneyo ndiye mwini sewero.

Ola limene gawo limatuluka

Apa ndi pamene ndinagwirapo fuwa lamoto. Masewero akuluakulu a HBO amaonetsedwa Lamlungu 9 koloko usiku pa nthawi ya ku New York, imene ndi 2 koloko m'bandakucha wa Lolemba pa nthawi ya GMT (nthawi imene mayiko amayezerapo maola awo) m'miyezi yawo yozizira, koma 1 koloko m'miyezi yawo yotentha. Kusiyanaku kumabwera chifukwa chakuti ku America amapititsa mawotchi kutsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lachiwiri la Malichi, n'kudzawabweza Lamlungu loyamba la Novembala, pamene mayiko ambiri sasuntha mawotchi awo. Chaka china ndinali kutsatira sewero lina limene linkafika pa ola lomwelo limene linkaonetsedwa kwawoko, ndipo ndinali nditazolowera kutchera alamu. Lolemba lina mu Malichi alamu inalira pa nthawi yake ya masiku onse, ndinayatsa kanema, ndipo podikira kuti ayake bwino ndinangoti ndione kaye foni. Chinthu choyamba kuona chinali chithunzi cha munthu amene ndinkamukonda kwambiri m'sewerolo, m'munsi mwake mutalembedwa kuti mzimu wake uuse mumtendere, motsatana ndi tinkhope tolira mzere wathunthu. Gawolo linali litatha kumene, ndipo ine ndinali nditachedwa ndi ola lathunthu.

Kuyambira pamenepo ndinaika wotchi yachiwiri pa foni, yosonyeza nthawi ya ku New York, ndipo foniyo imadzisinthira yokha. Ikaninso ya ku Los Angeles ngati mumatsatira masewero a Netflix, popeza ambiri mwa masewero ake amatuluka pakati pa usiku pa nthawi ya kumeneko, imene ndi 8 koloko m'mawa pa GMT kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndi 7 koloko m'miyezi inayo. Musaiwalenso kuti tsiku lolengezedwa lingakhale la dziko limodzi lokha, chifukwa ufulu woonetsa sewero umagulitsidwa dziko ndi dziko, ndipo kumene muli lingafike mochedwa kapena kudzera pa kampani ina.

Kudziteteza kwa oulula mathero

Kale anthu onse ankaonera pa ola limodzi ndipo ankadikirira limodzi. Mu Malichi 1980 sewero la Dallas linatseka sizoni ndi kuwomberedwa kwa J.R. Ewing, mmodzi mwa anthu a m'sewerolo, ndipo oonera anakhala miyezi isanu ndi itatu osadziwa amene anawombera, mpaka pa 21 Novembala. Opanga sewerolo anajambula anthu angapo a m'sewerolo akuwombera mfutiyo kuti ngakhale ogwira nawo ntchito asadziwe woona. Zinthu zinasintha kwambiri pa 1 Febuluwale 2013, pamene Netflix inatulutsa magawo onse 13 a House of Cards tsiku limodzi. Chiyambire pamenepo, anthu okonda sewero limodzi sayenderanso limodzi: wina wamaliza usiku womwewo, wina ali pa gawo lachitatu, wina akudikira mapeto a mwezi, ndipo onsewa ali m'gulu limodzi la pa WhatsApp.

Zida zodzitetezera zilipo, koma zimathandiza pokhapokha mukazitchera gawo lisanatuluke. Pa X mukhoza kubisa mawu kwa tsiku limodzi, kwa sabata, kwa masiku 30 kapena mpaka kalekale. Musangobisa dzina la sewero lokha. Bisaninso mayina a anthu a m'sewerolo, mayina enieni a azisudzo, chidule cha dzina la sewero chimene anthu amakonda kulemba, ndi mawu amene amalembedwa ndi chizindikiro cha hashtag. Pa Facebook mukhoza kupumitsa tsamba kapena mnzanu wolongolola kwa masiku 30 iye osadziwa, ndipo pa WhatsApp mukhoza kutontholetsa gulu kwa maola 8 kapena kwa sabata, ngakhale kuti ndi bwinonso kuletsa zithunzi kuti zisamadzitsitse zokha, chifukwa chithunzi chimaulula msanga kuposa mawu. Zidazi sizigwira mawu olembedwa pa chithunzi kapena dzina lolembedwa molakwika, n'chifukwa chake pa tsiku la gawo lomaliza njira yokhayo imene sinandigwiritsepo mwala ndi kusatsegula masamba a mchezo mpaka nditaonera.

Misampha yoopsa kwambiri ndi imene munthu amadzitchera yekha. Mukalemba dzina la munthu wa m'sewero pa Google, makinawo amakumalizirani mawu potengera zimene ena akusaka, ndipo liwu lotsatira limatha kukhala lakuti imfa kapena maliro. Mukalowa pa IMDb kuti mungodziwa dzina la wosewera amene nkhope yake mwaizindikira, pambali pa dzinalo pamalembedwa chiwerengero cha magawo amene anaonekamo ndi zaka zake, ndipo mukaona kuti iye ali ndi magawo 9 pamene anzake ali ndi 60, mwadziuza nokha zimene zidzamuchitikire. Wikipedia sichenjeza owerenga isanafotokoze mathero. Pa YouTube, mukangoonera kachidutswa kamodzi ka sewero, mawa lake tsamba lanu loyamba lidzadzaza ndi zithunzi za magawo amene simunafike. Vutoli limakula kwa amene amatsatira masewero omasuliridwa, monga a ku India, a ku Turkey ndi a ku Latin America, amene amafika m'Chingelezi patadutsa chaka kapena zaka kuchokera pamene anatha kwawo. Pamasewero amenewa nkhani yonse inalembedwa kale pa intaneti mpaka ukwati womaliza, choncho musasake chilichonse ndi dzina lake loyambirira. Dalirani ndandanda ya nyumba ya kanema imene ikukuonetsani.

Nthawi zina magawo amatuluka mwakuba. Mu Epulo 2015 magawo anayi oyamba a sizoni yachisanu ya Game of Thrones anaikidwa pa intaneti sizoniyo isanayambe, atachokera pa makope amene anatumizidwa kwa olemba ndemanga. Zikachitika zotere ine ndimapewa, osati chifukwa cha lamulo lokha, koma chifukwa chakuti munthu amaonera zithunzi zosaoneka bwino, n'kukhala mwezi wathunthu ali ndi chinsinsi chimene sangachikambe ndi aliyense.

Ndivomereze kuti si onse amene amadana ndi kudziwiratu. Mu 2011 Nicholas Christenfeld ndi Jonathan Leavitt a ku yunivesite ya California ku San Diego anapatsa anthu nkhani zifupizifupi 12, ndipo anapeza kuti amene anauzidwiratu mathero anasangalala nazo kuposa amene sanauzidwe. Okonda masewero a tsiku ndi tsiku a ku South Africa amachita kusakasaka okha ndandanda ya mwezi wonse yofotokoza mwachidule zimene zidzachitike, ndipo amaonerabe mosaphonya. Komabe kafukufuku ameneyu anali wa nkhani zowerenga kamodzi n'kumaliza, osati wa munthu amene wayenda ndi sewero zaka zisanu ndi chimodzi. Kwa ine, kudziwiratu kapena kusadziwiratu n'chisankho cha woonera mwiniwake, ndipo woulula amamulanda chisankho chimenecho.

Pa chifukwa chimenechi gulu lililonse la okonda sewero limafunika pangano lomveka. Gwirizanani kuti gawo la sabata ndi sabata silikambidwa poyera mpaka patadutsa masiku awiri, ndipo sizoni yotuluka yonse pakamodzi ipatsidwe sabata imodzi kapena ziwiri. Amene sangapirire atsegule kagulu kawo kapadera. Musanayambe kukamba, funsani kuti, "Kodi mwafika pati?" ndipo yankho mulilemekeze. Dziwaninso kuti mawu onga akuti "dikirani muone zimene zichitike m'gawo lachisanu ndi chiwiri" nawonso ndi kuulula, chifukwa mnzanuyo adzaonera gawolo akuyembekezera tsoka m'malo modzidzimuka nalo.

Kabuku, ndi tsiku limene sewero lathetsedwa

Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Munthu wotsatira masewero khumi ndi awiri nthawi imodzi amaiwala pamene anasiyira, ndipo akamasaka kuti akumbuke ndi pamene amagwera m'misampha ija. Sungani kabuku, kapena tsamba limodzi pa foni, lokhala ndi dzina la sewero, sizoni ndi gawo limene mwamaliza, tsiku limene limatuluka, ndi mawu awiri kapena atatu okukumbutsani mmene zinathera. Pali mapulogalamu a pa foni, monga Trakt, amene amachita ntchito yomweyi n'kukuchenjezani gawo latsopano likatuluka. Pa sewero limene lili pa tchuthi, lembani tsiku limene mudzafufuzenso, mwina mwezi wamawa, ndipo musalisakenso tsikulo lisanafike. Nkhani yoona ikatuluka, tsamba la eni ake limene munalitsatira lija lidzakuuzani.

Tsiku lina mudzamva kuti sewero lanu lathetsedwa. Yambani mwatsimikizira nkhaniyo monga tanenera, kenako onani ngati lathetsedwa mwadzidzidzi kapena lapatsidwa sizoni yomaliza, chifukwa ziwirizi n'zosiyana: sizoni yomaliza imapatsa alembi mpata womanga nkhani zonse, pamene kuthetsa kwadzidzidzi kumasiya mafunso opanda mayankho. Ngati mukufuna kulimenyera nkhondo, chitani msanga, m'masiku oyambirira, azisudzo asanasainire ntchito zina ndiponso malo ojambulira asanaphwasulidwe, ndipo lunjikani kwa mwini sewero ndi kwa makampani amene angaligule, mwaulemu, osati kutukwana azisudzo amene nawonso ntchito yawathera. Mu 2007 CBS itathetsa Jericho, okonda sewerolo anatumiza ku maofesi a kampaniyo mtedza wokwana matani pafupifupi 20, potengera mawu ena a m'gawo lomaliza, ndipo kampaniyo inagonja n'kupereka magawo ena 7. Koma magawowo ataonetsedwa mu 2008 oonera anali ochepa, ndipo sewerolo linathetsedwanso. Choncho ngati lanu lapulumuka, lioneni kudzera pa njira yovomerezeka imene eni ake angathe kuiwerenga, m'masabata oyambirira, ndipo mulimalize mpaka gawo lotsiriza.